Nguluwe ya Atsibweni

Ndinafika kumudzi kwa mkazi wanga, kumtunda kwa Nambuma, ndili ndi sutikesi imodzi, njinga yopanda mabuleki ndi manja osalala. Kwathu ndi ku Namitete. Ntchito yauphunzitsi ndi imene inanditaya kumeneko, ndipo nditakwatira ndinamanga kanyumba pakhomo pa akuchikazi monga amachitira mkamwini aliyense. Manja aja ndi amene anandiyalutsa. Mizere yoyamba imene ndinaunga m'munda mwa mkazi wanga inakhota moti alamu anga anaimitsa anthu odutsa kuti adzaone. "Aphunzitsi, kodi khasu likulemera kuposa choko?" ankatero akandipeza ndikupuma pamthunzi. Ndinkaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha. Ndine munthu wosunga zinthu mumtima, ndipo zaka zimenezo ndinkazisunga mwaluso kwambiri.

Fodya akatha kudindidwa n'kutumizidwa kumsika, chigafa cha pakati pamudzi chinkasanduka bwalo la abambo. Kumeneko sankasewera bawo kapena drafuti ayi. Ankasewera agalu ndi nguluwe. Thabwa lake ndi la drafuti lomweli, ndipo nyama zimayenda chopingasa m'timabokosi takuda tokha, kabokosi kamodzi nthawi imodzi. Wina amatenga agalu anayi n'kuwandandalika kumzere wake wakumbuyo. Mnzake amatenga nguluwe imodzi kutsidya. Agalu amangopita kutsogolo, sabwerera. Nguluwe imapita kutsogolo ndi kumbuyo momwe yafunira. Palibe kudyana. Nguluwe ikapeza mpata n'kudutsa kuseri kwa agalu, yapambana. Agalu akaipanikiza mpaka kusowa poponda, apambana iwo. Malamulo ndi omwewa basi, mwana akhoza kuwamva tsiku limodzi.

Nyamazo sizinali zitsekerero za mabotolo. Zinali zoumba ndi dothi la kudambo n'kuziotcha mu uvuni wa njerwa, ndipo mmisiri wake anali atsibweni a mkazi wanga, alongo awo a amayi ake. Nanenso ndinkawatcha atsibweni. Anali aafupi, olankhula motsitsa, ndipo zinthu zambiri m'moyo sizinawayendere. Ukwati wawo unatha popanda mwana, anabwerera kwa mlongo wawo, ndipo munda wawo unali wa udzu chaka ndi chaka. Koma akakhala pathabwa ndi nguluwe yawo, mudzi wonse unkawapatsa ulemu. Inali yakuda, yotalika ngati chala, mano ake a tizidutswa ta mbale yoyera, ndipo pamsana pake panali chidindo cha chala chawo chimene chinatsala dothi lili lofewa. Abambo ankapalasa njinga kuchokera ku Kabudula kudzayesa mwayi, n'kubwerera opanda mawu. Chifukwa cha thabwa limeneli, pakagwa nkhani yovuta pamudzi anthu ankati, "Tiyeni timve kaye atsibweni, mutu wawo umaona patali." Dzina limenelo ndi chuma chokha chimene anali nacho.

Panali mwambo umodzi umene sunalembedwe paliponse. Awiri akakhala pansi, wamng'ono ankati, "Akulu, sankhani," ndipo wamkuluyo ankatenga nguluwe. Nthawi zonse. Zinali zamanyazi kuti munthu wa imvi atumize agalu anayi kwa mwana. Wamkulu ankayenera kuima yekha. Ndinaonapo abambo awiri akukangana theka la ola kuti anayamba kubadwa ndani, aliyense akulimbirana ukulu pamodzi ndi nguluwe yake, mpaka anakaitana mayi wina wokalamba kuti adule mlandu. Palibe amene ankaganiza kuti mbali ina ndi yamphamvu kuposa inzake. Tsiku lina agalu ankapambana, tsiku lina nguluwe, ndipo m'manja mwa atsibweni nguluwe inkapambana tsiku lililonse.

Tsiku loyamba kukhala nawo pathabwa ndinali ndi mtima wa mphunzitsi wa masamu, woti tidothi tisanu sitingandivute. Ndinanena mawu aja, iwo anatenga nguluwe yawo n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Anaibweretsa pafupi ndi galu wanga wakumanzere, n'kuibweza, n'kuibweretsanso, mpaka mtima unandiyabwa. Ndinathamangitsa galu mmodzi kuti aitsekere. Mpata unatseguka kumbuyo kwake, ndipo nguluwe inalowa pomwepo mosathamanga n'komwe.

"Yadutsa, akamwini," anatero mofatsa. "Agalu anuwa ndi aulemu, apatsa mlendo njira."

Chigafa chonse chinafa ndi phwete. Mlamu wanga wina anati agalu anga akuyenda monga mizere yanga. Ndinasewera kasanu tsiku limenelo ndipo ndinaluza kasanu. Atsibweni sananene chilichonse choipa, zimenezo ndikuvomera, koma pobwerera kunyumba munthu amene ndinkamuda mumtima anali iwo.

Tchuthi chitafika ndinatenga kope la masamu, la timabokosi lija, ndi nyemba zisanu, zinayi zoyera ndi imodzi yofiira. Masana onse ndinkakhala pakhonde n'kumajambula. Nguluwe ikaponda apa, galu uti ayende? Nanga ikabwerera? Anthu odutsa ankati aphunzitsi akukonza mayeso a ana, ndipo ankalonjera motsitsa kuti asandisokoneze. Patatha masabata atatu ndinaona chinthu chimene poyamba sindinachikhulupirire, mpaka ndinabwereza ntchito yonse. Agalu sangaluze. Ngati wowayendetsa sapupuluma, ngati asunga mzere wake n'kumakoka wotsalira m'mbuyo, nguluwe ilibe njira, ngakhale aigwire ndani. Pali malo anayi kapena asanu okha ovuta, pamene galu wooneka woyenera kuyenda ndi amene amakugwetsa. Malo amenewo ndinawajambula aliwonse patsamba lake n'kuwaloweza pamtima. Ndinasangalala, sindibisa, koma chinali chisangalalo cha munthu amene watola chinthu cha mwini n'kuyang'ana uku ndi uku.

Chaka chomwecho gulu la abambo kuparishi linagwirizana zochititsa mpikisano wa masewerowa. Mphakati uliwonse wa mu parishiyo unayenera kutumiza abambo awiri, ndipo wopambana onse adzalandire khasu latsopano. Kumphakati kwathu anasankha atsibweni, popanda wotsutsa, kenako ine, osati chifukwa cha luso, koma poti ankafuna munthu wa dzanja labwino woti akhale mlembi. Maina atabwera ndinawawerenga limodzilimodzi. Pa abambo onsewo wamng'ono ndinali ine, ndipo wamkulu anali atsibweni. Aliyense amene ndikanakumana naye anali woti atenge nguluwe.

Mkazi wanga analipeza kopelo akusesa. Sukulu anaisiyira panjira, koma mutu wake ndi wakuthwa kuposa wanga, ndipo anangoyang'ana masamba atatu n'kumva nkhani yonse.

"Ndiye kuti nguluwe singapambane, eti?"

"Singapambane, pokhapokha wa agalu atalakwitsa."

"Nanga atsibweni akhala akupambana bwanji zaka zonsezi?"

Funso limenelo ndinalimva bwino lomwe, koma ndinayang'ana nkhuku pabwalo.

"Mukawauze," anatero. "Eni ake masewerowa ndi iwo."

"Ndiwauza mpikisano ukatha."

Anabweza kopelo pamene analipeza.

Masabata otsatirawo ndinkapitabe kuchigafa, ndipo ndinkaluza dala kuti anthu asazindikire. Ndinkayendetsa agalu bwinobwino mpaka pakati, kuyesa masamba anga, kenako n'kutsegula mpata ndekha ndi kumenya ntchafu ngati zandipweteka. Alamu anga ankaseka, ine n'kumaseka mumtima. Tsiku lina nditachita zimenezi, atsibweni anadutsitsa nguluwe yawo osaimba. "Lero mwaluza mwaluso, akamwini," anatero. Ndinaganiza kuti akundilimbikitsa, ndipo ndinawathokoza.

Patatsala sabata imodzi, akatekisiti anatisonkhanitsa kuti tigwirizane malamulo. Bambo wina wa kumbali ya Kabudula, munthu woganiza bwino, anaimirira n'kunena kuti pampikisano ndi bwino kumasinthana: masewero oyamba uyu agalu, achiwiri uyu nguluwe, kuti pasakhale wodandaula. Anthu anayamba kugwedeza mitu movomereza. Ndinaimirira, ndipo pakamwa panga, poti pamenepo Mulungu sanandimane, panatuluka ulaliki. Ndinati masiku ano ulemu ukutha, ana akulonjera akulu manja ali m'thumba, ndiye ife abambo a mumpingo tikhale oyamba kutaya kamwambo kamodzi kamene katsala? Ndinati ine, mwana wa dzulodzuloli, sindingayerekeze kugwira nguluwe pamaso pa atate anga. Anandiombera m'manja. Akatekisiti anati mwana ameneyu analeredwa. Bambo wa ku Kabudula uja anakhala pansi mwamanyazi, lamulo lakale linakhala, ndipo ndinalilemba ndi dzanja langa labwino lija. Pokhala pansi ndinaona atsibweni akundiyang'ana. Sanaombe m'manja, anangotsitsa maso n'kumafufuza kanthu m'thumba la malaya.

Lachisanu lake anabwera kunyumba kwanga ndi kamtolo kokulunga m'nyuzipepala. Lamulo linali loti aliyense abwere ndi nyama zake, ndipo ine ndinalibe. Munali agalu anayi atsopano, aliyense ndi khalidwe lake: wina makutu ali njo, wina mchira uli m'mwamba, wina wowonda nthiti zikuwerengeka, wina wonenepa ngati wa kunyumba ya ansembe. Ankamvekabe fungo la utsi.

"Mkamwini wa pakhomo pano asakabwereke agalu kwa alendo," anatero.

Ndinalandira ndi manja awiri. Mkazi wanga anatuluka m'nyumba n'kupita kumjigo ndi ndowa imene inali kale ndi madzi.

Loweruka kunali mphepo ya mu Ogasiti, yafumbi. Matabwa anaikidwa pamabenchi pakhonde la holo ya parishi, ndipo masewero asanayambe anthu anazungulira kuonerera nyama. Ena anapaka agalu awo penti yotsala popaka zitseko, wina anawaveka timikanda ta waya m'khosi, wina anabweretsa nguluwe yonenepa mpaka yosakwana m'kabokosi, akatekisiti n'kulamula kuti aipale ndi mpeni. Ine sindinasangalale ndi chilichonse cha izi. Ndinkangobwereza masamba anga mumtima. Ndinakumana ndi abambo atatu, ndipo kwa aliyense ndinanena mwaulemu wonse kuti, "Akulu, sankhani." Onse anatenga nguluwe, onse ndinawapanikiza kukhoma. Pabenchi lina atsibweni anadutsa abambo atatu nawonso, iwo ali ndi nguluwe, mbali imene pakope langa inali yakufa kale. Anthu sanaone kusiyana kwake. Ankangoti pakhomo limodzi patuluka akatswiri awiri.

Dzuwa litapendeka tinatsala ife awiri. Wopambana kawiri ndiye mwini khasu. Amayi anasiya mitanga yawo ya mandasi, ana anakwera pamawindo. "Akulu, sankhani," ndinatero, ndipo mawu anga sananjenjemere, chinthu chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Atsibweni anamasula kansalu kawo n'kuika nguluwe pathabwa. Anayamba nyimbo yawo ija. Anabwera kumanzere, anabwerera, anaima pamphuno pa galu wowonda uja kundinyengerera kuti ndithamange. Ine sindinkawayang'ana n'komwe, ndinkangowerenga timabokosi. Mzere wanga unatsika pang'onopang'ono, wosasiya mpata, mpaka nguluwe inafika kukhoma la kwawo n'kusowa poponda. Pakhonde phokoso linaphulika.

Masewero achiwiri sanaimbe. Ankakhala nthawi yaitali asanayendetse, ndipo titafika pakati anandikokera pamalo amene anali patsamba lomaliza la kope langa, ovuta kuposa onse. Ine malo amenewo anandidyera masiku anayi ndi nyemba zanga, ndili pakhonde panga, popanda wondisokoneza. Iwo anawapeza pomwepo, pafumbi, anthu akuwapumira m'khosi. Pamenepo agalu atatu amaoneka oyenera kuyenda, koma woyenera weniweni ndi wachinayi, amene amaoneka ngati akuwononga mzere. Ndikanakhala wopanda kope ndikanagwa, ndikudziwa. Ndinachita ngati ndikuganiza, ndinakanda mutu, ndinapumira m'mwamba, kenako ndinayendetsa galu wonenepa uja. Atsibweni anayang'ana dzanja langa, osati thabwa. Anagwedeza mutu kamodzi. Anasewera mpaka kumapeto ngakhale tonse awiri tinkadziwa kuti zatha.

Zikanathera pamenepo mwina bwenzi ndilibe cholemba lero. Koma alamu anga aja, a choko ndi khasu, anandinyamula m'mwamba akukuwa, ndipo zonse zimene ndinasunga mumtima zinakwera kukamwa. Atanditsitsa ndinaloza kadothi kaja n'kunena mokweza kuti onse amve.

"Atsibweni, nguluwe yakalamba iyi, mano atha!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba. Atsibweni anakulunga nguluwe yawo m'kansalu, anaimirira, n'kundipatsa dzanja atagwira chigongono, ulemu umene ine ndinayenera kuwapatsa iwo.

"Mwasewera bwino, akamwini."

Anauyamba wapansi wa kunyumba, osadikira mwambo wopereka khasu.

Mawu anga aja anafala mudzi wonse. Ana akaona atsibweni akudutsa ankanong'onezana kuti mano atha. Iwo anasiya kubwera kuchigafa. Poyamba anthu ankafunsa kuti ali kuti, kenako anasiya kufunsa. Munda wawo wa udzu, umene kale anthu ankaukhululukira, unayamba kukambidwa kumjigo. Pamene panabuka mkangano wa malire a dimba, palibe amene anati timve kaye atsibweni. Anabwera kwa ine, ine amene sindinkadziwa ngakhale pamene dimbalo layambira, ndipo ndinawapatsa maganizo anga ndi nkhope ya munthu wodziwa. Atsibweni anali chapompo, akuumba njerwa za mlongo wawo, ndipo anamva zonse. Khasu ndinaliimika kuseri kwa chitseko. Mkazi wanga ankalimabe ndi lake lakale lakutha, ndipo tsiku lina ndinamuuza kuti atenge latsopanolo.

"Limenelo si langa," anatero, "ndipo sindikudziwa ngati ndi lanu."

Ndinalimba mtima patapita miyezi isanu ndi umodzi, nthawi yosoka fodya. Ndinawapeza okha kuseri kwa nyumba yawo, masamba ali mulu pambali, singano ili m'manja. Ndinakhala pansi, ndinapereka moni, ndinakamba za mvula ndi za feteleza mpaka nkhani zinatha. Kenako ndinatulutsa kope lija. Kuwerenga sankakudziwa kwenikweni, koma zojambula anazimva msanga. Anapukuta manja pathalauza n'kumatembenuza masamba limodzilimodzi. Atafika patsamba lomaliza anamwetulira.

"Apa mpamene tinakumana paja," anatero. "Zonsezi munachita kulemba? Pepani ndi mapepala."

"Atsibweni, agalu sangaluze. Ndinkadziwa mpikisano usanachitike. N'chifukwa chake ndinakana zosinthana zija."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa kuti ndinakana dala?"

"Zonse ziwiri. Za agaluzo ndinazidziwa ndevu zisanamere."

Ndinawafunsa chifukwa chimene ankatengera nguluwe zaka zonsezo akudziwa zimenezi.

"Nanga ndikanatenga chiyani, ine wamkulu? Komanso agalu sakoma. Ukadziwa njira yake umangoyenda ngati ukupalira. Wa nguluwe amayenera kudziwa munthu amene wakhala naye, kuti uyu ngwaphuma, uyu ngwamantha, uyu amafuna kuonedwa. Aliyense ali ndi pake pamene amatsegula. Inu ndinakufunani tsiku lija, sindinakupezeni. Simunabwere, munatuma kope."

"Bwanji simunanene pamsonkhano paja?"

"Ndikananena ine akanati mkulu uja wayamba mantha. Lero ndikanena, ati akudandaula khasu. Nkhani imeneyi ingamveke itatuluka pakamwa pa wopambana." Anandibwezera kope. "Kuno mwanena, zikomo. Koma kuno kulibe anthu, kuli fodya. Fodyayu akachoka mukanene kuchigafa."

Ndinalonjeza, ndipo ndinkanena zoona panthawiyo. Ndikunyamuka anawonjezera mawu ena, osakwiya, akuboola tsamba ndi singano.

"Musachedwe, akamwini. Mukukula inunso. Nguluwe ikukudikirani."

Fodya anachoka, chigafa chinadzaza abambo. Ndinapita mawu ali okonzeka kale. Nditangofika anandisunthira kampando ka chikopa ka pakati, kamene kanali ka atsibweni, ndipo wina anauza mlendo kuti awa ndi amene anagwetsa nguluwe ija. Ndinakhalapo. Kanali kampando kabwino. Ndinati ndinena anthu akachepa, ndipo atachepa ndinati palibe phindu kuuza anthu ochepa. Sabata yotsatira kunali maliro. Ina kunali mayeso. Ndilibe chifukwa chenicheni choti ndipereke pano. Ndinkakonda kutchedwa katswiri, ndipo ndinkaopa kubwereranso kukhala aphunzitsi a mizere yokhota. Atsibweni sanandikumbutse ngakhale kamodzi. Tikakumana panjira ankandilonjera monga kale n'kufunsa za ana a sukulu.

Anamwalira chaka chachiwiri, ndi chifuwa. Ndinanyamula nawo bokosi. Kumanda akatekisiti ananena za kufatsa kwawo ndi za manja awo oumba, ndipo wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti analinso katswiri wa thabwa mpaka pamene mutu unatopa. Ndinamva, ndipo ndinayang'ana nsapato zanga. Patatha masiku angapo mkazi wanga anandipatsa kansalu kaja, nguluwe ili m'kati. Anati atsibweni anamuuza ali kuchipatala kuti adzandipatse.

Chaka chomwecho anandisamutsa. Ntchito inandizungulitsa, ku Nsaru, ku Mpingu, ndipo kumeneko palibe amene ankadziwa za agalu ndi nguluwe, zimene zinandikomera. Ndinabwerera kumudzi kuja nditapuma pantchito, mutu uli mbuu. Chigafa chakale chinagwa, anamanga china. Masewero aja alipobe, ngakhale ambiri tsopano amangogwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, ndipo chaka chatha abambo a kuparishi anadzutsanso mpikisano. Anandiitana monga katswiri woyamba. Ndikanatha kukana, kunamizira maso kapena msana. Ndinapita ndi kansalu m'thumba la jekete, ndikudziuza kuti kopelo ndimalidziwa mbali zonse ziwiri, choncho munthu akalakwitsa ndiona.

Woyamba kukumana naye anali mkamwini watsopano wochokera ku Njewa, wokonza njinga zamoto, zikhadabo zakuda ndi oilo. Anavula chipewa.

"Akulu, sankhani."

Kanali koyamba m'moyo wanga kuti mawu amenewo anenedwe kwa ine. Ndinamasula kansalu. Chala changa chinafuna kulowa m'chidindo cha pamsana chija, koma sichinakwanemo, changa n'chachikulu. Mkamwiniyo sankadziwa kope lililonse. Ankasewera mwaphuma, ndipo analakwitsa kawiri m'masewero oyamba okha. Kawiri konseko mpata ndinauona atautseka kale. Sindinkadziwa kumunyengerera, sindinkadziwa kudikira, sindinkadziwa ngakhale kumuyang'ana kumaso. Anandipanikiza kukhoma kawiri, mofulumira, anthu ena asanamalize n'komwe kukhazikika pamabenchi.

"Akalamba aphunzitsi," wina anatero kumbuyo. "Mano atha."

Sankadziwa kumene mawuwo anachokera. Kumudzi kuja amangonenedwa tsopano munthu wamkulu akaluza. Anthu anaseka, ndipo pamenepo ndinaimirira. Ndinanena zonse: za kope ndi nyemba, za kuluza dala, za ulaliki wanga wa ulemu, za agalu anayi amene ndinapatsidwa ndi munthu yemwe ndinkamukonzera msampha. Ndinati agalu sangaluze, ndipo atsibweni anapambana moyo wawo wonse ndi mbali yosayenera kupambana. Ndinati pampikisano woyamba uja katswiri anali mmodzi yekha ndipo sindinali ine. Tsiku limeneli mawu anga ananjenjemera. Anandilola kumaliza chifukwa cha imvi.

"Ndiye agalu asanduka amphamvu lero, poti mwagwira nguluwe?" wina anafunsa.

Phwete linabwereranso.

"Khalani pansi, aphunzitsi, kuluza si mlandu."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wondichitira umboni. Akatekisiti aja anamwalira kalekale, bambo wa ku Kabudula nayenso. Mlamu wanga mmodzi yekha amene watsala anandikoka jekete kuti ndikhale pansi ndisadzichititse manyazi.

Mkamwini wa ku Njewa uja sanaseke. Anatola nguluwe pathabwa, anaitembenuza m'manja kuyang'ana mano aja, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ndi yokongola, bambo," anatero. "Koma pepani, atsibweni mukunenawo anali ndani?"